Mitengo ya pasukulu: adzaithirira ndani a Sitandade 8 akachoka?

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, sukulu zambiri za m'dziko muno zimakhala ndi tsiku limodzi la chisangalalo. Ana amasesa bwalo m'mamawa, mabenchi amatulutsidwa panja, a komiti ya sukulu amavala majekete, mfumu n'kukhala pampando wakutsogolo. Mlendo wolemekezeka akafika amapatsidwa mbande yooneka bwino kuposa zonse. Amaiika m'dzenje lomwe ana adakumba dzulo lake, amathira timadzi ndi kheni yatsopano, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka kumabwera magule, ndakatulo ndi sewero la wootcha makala yemwe wagwidwa ndi alonda a nkhalango. Pofika masana galimoto zonse zabwerera kuboma.

Amene akufuna kudziwa ngati tsikulo lidaphula kanthu asafunse chiwerengero cha mbande zomwe zidabzalidwa. Apite pamalo omwewo mu October, dzuwa likuswa mtengo. Pasukulu zina adzapeza timitengo tobiriwira tofika m'chiuno, kalikonse kali ndi kampanda ka minga kapena ka nsungwi, pansi pake ataphimbirapo udzu. Pasukulu zina adzapeza maenje okhaokha ndi tizitsa touma tomwe mbuzi zidadya nsonga kalekale.

Nthawi zambiri mbande za sukulu ziwirizi zimakhala zochokera kunazale imodzi, ndipo mvula zidalandira yofanana. Chomwe chimasiyana ndi mwini wake wa ntchitoyo. Kumene mitengo yapulumuka, ukafufuza umapeza kagulu ka ophunzira komwe kadaitenga ngati yawo, kali ndi atsogoleri ake, ndipo kamadziwa yemwe akuthirira Lachiwiri ndi yemwe akuthirira Loweruka.

Nkhani ya mitengo pasukulu si yokongoletsa bwalo chabe ayi. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zidachepa ndipo mtengo wa mango kapena wa kachere udasanduka kalasi. Mpaka lero alipo ana omwe amamaliza chaka chonse akuphunzirira pamthunzi, bolodi litatsamira pathunthu. Sukulu ya pambalambanda ndiyonso imayamba kusasuka denga mphepo ya mvula yoyamba ikawomba mu November.

Ndiye pali phala. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana m'dziko muno m'chaka cha 2002 ndi ana 200 okha, ndipo patapita zaka chiwerengerocho chidapitirira miliyoni imodzi. Boma ndi mabungwe ena nawonso akhala akudyetsa ana m'maboma osiyanasiyana. Phalalo amaphika ndi amayi odzipereka omwe amadzuka kusanache, ndipo limapsa ndi nkhuni. Kumene sukulu ilibe nkhalango yakeyake nkhunizo zimachokera kumakomo, mwana kunyamuka ndi kope dzanja ili, chikuni dzanja linalo. M'matauni ang'onoang'ono momwe nkhuni zimagulidwa pamulu, kholo limaudziwa bwino mtengo wa chikuni chimenecho.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu 17.5 miliyoni, theka lawo osakwana zaka 18, ndipo mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse ankaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake zikuoneka pamapiri. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula kwa masiku angapo kuchigawo chakummwera, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Mvulayo idali yoopsa payokha, koma akatswiri adati kutha kwa mitengo komanso kumanga nyumba m'malo otsetsereka kudakulitsa ngoziyo. Sukulu zidatsekedwa, zambiri n'kusanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Ana omwe adagona m'makalasi mwawo momwe masiku amenewo safuna kuwafotokozera kuti phiri lopanda mitengo ndi chiyani.

Youth Week, thangata ndi chibalo

Makolo ambiri omwe ali ndi ana kusukulu lero nawonso adakula akubzala mitengo. M'chaka cha 1976 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa tsiku lobzala mitengo, lomwe linkachitika pa 21 January. Pambuyo pake tsikulo lidasinthidwa kukhala nyengo yonse yobzala mitengo, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April.

Nthawi ya Kamuzu kudalinso Youth Week, sabata yomwe ophunzira ndi achinyamata ena, motsogozedwa ndi a Payoniya ndi akuluakulu a chipani, ankakonza misewu ndi milatho, kuumba njerwa za sukulu ndi kumangira nyumba okalamba. Ntchitoyo inkaoneka, ndipo akuluakulu ena amaikumbuka ndi mtima wabwino mpaka lero. Komatu kukana kudalibe. Mwana sankafunsidwa kuti akuganiza zotani. Ankauzidwa kuti abwere ndi khasu.

Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zitadutsa, Youth Week idatha. Ntchito zachitukuko zodzithandiza anthu ambiri adayamba kuzitcha thangata, liwu lokumbutsa nthawi ya atsamunda pomwe anthu okhala m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankagwirira ntchito mwini munda mokakamizidwa ngati lendi ya malo. M'zaka zomwezo nkhalango zomwe anthu ankazitcha "za boma" zidalowedwa nkhwangwa. Phiri la Ndirande, lomwe lidali lodzaza ndi mitengo, lidayera m'zaka zochepa chabe. Mitengoyo idali yokula bwino, koma ambiri mwa okhala m'tsinde mwa phirilo sankaiona ngati yawo.

Mzimu womwewo ukadalipo pasukulu zambiri, ndipo dzina lake ndi chibalo. Wochedwa amapatsidwa chikwakwa. Wolongolola m'kalasi akumbe dzenje la zinyalala. Wosalemba homuweki atunge ndowa zisanu athirire maluwa a kutsogolo kwa ofesi. Mwana wokula chotere amaphunzira msanga kuti khasu ndi ndowa ndi za anthu olakwa. Ndiyeno mphunzitsi yemwe uja akaima pa asembule n'kupempha odzipereka kuti azisamalira nkhalango ya sukulu, amadabwa kuti manja sakukwera!

Makalabu a zachilengedwe adabwera ndi njira ina. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti WESM, lidayamba m'chaka cha 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society. Poyamba lidali la anthu ochepa okonda nyama zakutchire, koma pambuyo pake lidalowa m'sukulu kudzera m'makalabu a Wildlife. Omwe adaphunzira kale amakumbukira magazini ya Nantchengwa yomwe inkafika m'makalabumo, komanso maulendo okaona nyama ku Liwonde, Lengwe kapena Kasungu. Kunena zoona, ana ambiri ankalowa kalabuyo chifukwa cha ulendowo, kuti akakwere basi n'kukaona njovu ndi maso. Palibe cholakwika pamenepo. Chachikulu n'choti ankalowa okha, mosakakamizidwa.

Lero makalabu otere ali ndi mayina osiyanasiyana malingana ndi bungwe lomwe lidawabweretsa. Ena ndi amoyo, ena ali papepala lokha ndipo amadzuka kukamveka kuti kukubwera alendo. Kalabu yamoyo siivuta kuizindikira. Wapampando, mlembi ndi msungichuma amasankhidwa ndi ana anzawo, osati kulozedwa ndi mphunzitsi monga momwe amasankhira mapulifekiti. Mitengo imagawidwa m'mizere, mzere uliwonse uli ndi eni ake awiri kapena atatu, kotero kuti mtengo ukauma aliyense amadziwa wofunsidwa. Ndipo pamakhala kope. M'kopemo mlembi amalemba tsiku lomwe adabzala, mtundu wa mitengo, ndipo mwezi uliwonse amayenda mzere ndi mzere kuwerenga yomwe ili moyo.

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ali ndi ntchito, koma si yolankhula m'malo mwa ana. Yake ndi kusunga kiyi wa zipangizo, kuitana mlangizi wa zankhalango, ndi kunyamula mawu a ana kuwafikitsa kwa mphunzitsi wamkulu, ku komiti ndi kwa mfumu, kumene mwana sangalowe yekha. Mphunzitsi akayamba kuchita zonse yekha, kalabuyo imasamuka naye limodzi tsiku lomwe kalata yomusamutsa yafika.

Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya mtengo

Ngakhale kalabu yolimba ili ndi mdani yemwe ambiri samuganizira, ndiye kalendala. Chaka cha sukulu chimayamba mu September n'kutha mu July. Mtengo uli ndi chaka chakechake, ndipo ziwirizi sizigwirizana.

Mbande yoti ibzalidwe mu December kapena January imayenera kufesedwa cha mu August kapena September. Apa n'kuti sukulu yatsekedwa kapena ikungotsegulidwa kumene, aphunzitsi ali pa kalikiliki wolemba ana atsopano. Kalabu yomwe yadikira mpaka zinthu zikhazikike imafesa mu November, ndipo mbande zake zimapita kumunda zili zanthete, mwina mu March mvula ikutsanzika. Nyengo yobzala ya boma imafika pa 15 April, koma mlimi aliyense amadziwa kuti mtengo wobzalidwa mvula yomaliza sukhala ndi nthawi yozika mizu. Wobzalidwa mvula itangokhazikika ndiwo umalowa m'chilimwe uli ndi mphamvu. Tsoka ilo, masabata abwino obzalawo ndi omwenso ana amakhala ali patchuthi cha Khirisimasi.

Ntchito ya panazale ndi yambiri kuposa momwe imaonekera. Dothi lakuda limasakanizidwa ndi mchenga ndi manyowa owolerana n'kuikidwa m'machubu. Kumene machubu asowa, ana amatolera mapaketi a shuga, a mkaka kapena a Chibuku n'kuwaboola pansi. Njere za keshya ndi mtangatanga zili ndi khungu lolimba, choncho zimaviikidwa m'madzi otentha n'kugonamo usiku. Za msangu amazitema pang'ono khungu kuti madzi alowe. Pamwamba pamafunika kamthunzi ka udzu, ndipo kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Machubu amayenera kusunthidwa nthawi ndi nthawi kuti mizu isalowe pansi. Kukatsala masabata ochepa kuti mbande zipite kumunda, madzi amachepetsedwa ndipo mthunzi umachotsedwa kuti zizolowere dzuwa. Zonsezi zimachitika mu October ndi November, pomwe pamjigo pali mzere wa ndowa za amayi. Kalabu yochenjera imaika nazale yake kumunsi kwa ngalande ya mjigo kuti izigwiritsa ntchito madzi otayikira, apo ayi nkhondo ndi amayi a m'mudzi siichedwa.

Vuto lalikulu limadza mu May. Atsogoleri a kalabu nthawi zambiri amakhala a Sitandade 8, poti ndiwo akuluakulu komanso olimba mtima polankhula. Kuyambira mu January iwowa amakhala atatanganidwa ndi kukonzekera mayeso a MANEB, ena mpaka kugonera pasukulu pompo. Akangolemba mayesowo cha mu May, amachoka osabwereranso. Kusekondale a Fomu 4 nawo amachoka cha mu July. Nthawi yomweyi ndiyo mvula yatha, udzu wayamba kuuma, ndipo mitengo ija ikulowa m'chilimwe chake choyamba. Amene amadziwa kuti mzere uti ndi wa yani wapita, ndipo mwina kope lapita naye m'chikwama.

Kenaka limabwera tchuthi lalikulu la August. Pasukulu pamakhala zii. Anthu akolola, ndipo monga mwa mwambo ziweto zatayiridwa kuti zizidya paliponse. Anyamata osaka mbewa ayatsa tchire, moto n'kuyenda ndi mphepo mpaka kukalowa m'nkhalango ya sukulu ngati m'mbali mwake simudalambulidwe. Chiswe nacho chimalowa pamitengo yofooka ndi ludzu, makamaka bulugamu. Miyezi itatu kapena inayi imeneyi ndiyo imapha mitengo yambiri ya pasukulu, ndipo palibe mlendo wolemekezeka amabwera nthawi imeneyi.

Makalabu omwe adapsapo kale amachita zinthu mosiyana. Chisankho cha atsogoleri atsopano chimachitika mu teremu yachiwiri, osati chaka chikayamba, ndipo osankhidwawo amakhala a Sitandade 6 kapena 7, kapena a Fomu 2 ndi 3. Akuluakulu aja amakhala ngati alangizi kwa miyezi ingapo asanachoke. Kulambula m'mbali mwa nkhalango kumachitika mu June sukulu isanatsekedwe. Ndandanda wa patchuthi umalembedwa potengera komwe mwana amakhala, kuti wapafupi ndi sukulu ndiye azithirira, osati woyenda makilomita asanu. Izi zikuoneka zazing'ono, koma ndi ana a zaka 12 kapena 13 omwe akuphunzira kukonza za miyezi inayi kutsogolo ndi kusiyira anzawo udindo nthawi ikadalipo. Akuluakulu ambiri a m'makomiti ndi m'zipani zimawakanika zimenezi.

Kasankhidwe ka mitengo nako n'kofunika. Mlendo amakonda kubzala mbawa, poti ndi mtengo waulemu, koma mbawa imakula pang'onopang'ono ndipo matabwa ake adzadyerera ndi ana a ophunzirawo. Sukulu yofuna nkhuni za phala imafuna keshya, yemwe mbuzi sizimukonda kwenikweni ndipo akadulidwa amaphukiranso. Gilisidiya amakula msanga ndipo masamba ake amabwezeretsa chonde m'munda wa sukulu. Msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula kotero sutchinga chimanga. Mango, magwafa ndi mapapaya ndiwo amakopa ana, poti mphotho yake imalowa m'kamwa. Bulugamu amapereka milimo yowongoka, koma amamwa madzi kwambiri ndipo sayenera kukhala pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Mbuzi za a mfumu

Pali nkhani imodzi yomwe ana sangaimalize okha. Mbuzi zomwe zimadya mbande zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi makolo a ana omwewo, aphunzitsi okhala pasukulu, mwinanso mfumu imene idakhala pampando wakutsogolo tsiku lobzala lija. Mwana wa Sitandade 7 sangaime pakhomo pa munthu wamkulu n'kunena kuti mangani mbuzi zanu. Akatero ndi mwano.

Apa ndi pomwe zimaoneka ngati akuluakulu akuwalemekezadi anawo. M'madera ambiri mafumu ali ndi malamulo a m'mudzi okhudza ziweto zoononga ndi moto wolusa, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limapereka mwayi kwa midzi kukhala ndi nkhalango zawo ndi makomiti oziyang'anira. Chomwe chimasowa ndi woyambitsa nkhaniyo. Kalabu yomwe ili ndi kope imatha kupita kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndi manambala m'manja: tidabzala yakuti, yatsala yakuti, yomwe yadyedwa ndi ya mzere wa kufupi ndi nyumba zakutizakuti. Mwana akawerenga zimenezi mwaulemu pamaso pa anthu, mphunzitsi ataima pambali pake, nkhaniyo imavuta kuinyalanyaza. Koma pamafunika mphunzitsi wamkulu wolola kuti mwana alankhule pamsonkhano wotere, ndipo si onse amalola.

Akuluakulu kuseka maganizo a mwana si zachilendo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ankatchedwa wamisala pomwe ankatolera zitsulo zotayidwa, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anthu adasiya kuseka babu litayaka ndi magetsi ochokera ku makina ake oyendera mphepo, omwe adawaimika pansanja ya milimo ya bulugamu.

Mnyamata wa ku Germany

Kunja kwa dziko lino, nkhani yodziwika kwambiri ya mwana wasukulu wotsogolera anzake kubzala mitengo ndi ya Felix Finkbeiner wa ku Germany, ndipo muzu wake uli ku Africa konkuno. M'chaka cha 2007, ali ndi zaka 9, adapatsidwa ntchito yofotokozera kalasi yake za kusintha kwa nyengo. Pokonzekera adawerenga za Wangari Maathai wa ku Kenya, yemwe adayambitsa Green Belt Movement m'chaka cha 1977 n'kubzala mitengo yoposa 30 miliyoni pamodzi ndi amayi a kumidzi, ndipo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2004. Felix adauza anzake kuti ana nawonso atha kubzala mitengo miliyoni imodzi m'dziko lililonse.

Mtengo woyamba udabzalidwa pasukulu pake pa 28 March 2007. Sukulu zina zidatengera, gululo lidatchedwa Plant-for-the-Planet, ndipo pofika 2010 mitengo miliyoni imodzi idakwana ku Germany. M'chaka cha 2011 mnyamatayo adalankhula kulikulu la United Nations ku New York, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho nthambi ya UN yoona zachilengedwe idapereka kampeni yake yobzala mitengo mabiliyoni m'manja mwa gulu la anali. Sadachite yekha ayi. Makolo ake ndi aphunzitsi adamutsegulira zitseko zomwe mwana sakadatha kutsegula.

Koma funso la mu October lija lidamupezanso. Mu December 2020 nyuzipepala ya Die Zeit ya ku Germany idalemba nkhani yokayikira manambala omwe bungwelo linkapereka pa mitengo yomwe linkabzala ku Yucatán m'dziko la Mexico, makamaka chiwerengero cha yomwe imapulumuka. Bungwelo lidatsutsa zina mwa zomwe zidalembedwazo. Chomwe mkanganowo udaonetsa n'choti ngakhale gulu lodziwika dziko lonse, lokhala ndi ndalama ndi makompyuta, limafunsidwa funso lomwe mlembi wa kalabu ya ku Mponela kapena ku Luchenza amayankha ndi pensulo: mwa yomwe mudabzala, ili moyo ndi ingati?

Kumsika

Ntchito za makalabuwa sizithera pampanda wa sukulu. M'matauni ang'onoang'ono ana amatuluka ndi matsache kukasesa kumsika, kuchipatala kapena padepoti, ndipo ena amathandiza okalamba kufolera nyumba mvula isanagwe. Mu November 2020 yemwe adali Pulezidenti panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo m'malo ambiri ana asukulu ndiwo ankadzaza mizere.

Zinyalala zambiri zomwe amatola ndi majumbo opyapyala a pachiwaya cha tchipisi, a tomato ndi a mafuta oyezera. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, makampani adakatenga chiletso kukhoti, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo lidagamula mokomera boma mu July 2019. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa omwe adamenyera nkhondo lamuloli, adalandira mphotho ya Goldman m'chaka cha 2021. Chidwi chake pankhaniyi chidayamba ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo. Milanduyo idapitirira kwa zaka zina, majumbo akuuluka m'misika. Jumbo likatseka ngalande madzi amadikha, ndipo aliyense akukumbukira kolera yemwe adayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe mu January 2023.

Choncho ana akasesa msika amakhala akuteteza miyoyo yawo yomwe. Komabe makolo ali ndi ufulu wofunsa mafunso. Khonsolo imadula ziphaso kwa ogulitsa tsiku lililonse la msika, ndipo kuchotsa zinyalala ndi ntchito yake. Si bwino kuti ana azilowa ndi manja opanda kanthu m'ngalande momwe muli magalasi osweka ndi zonyansa, pomwe akuluakulu omwe adataya zinyalalazo aima pakhonde la shopu kuonerera. Si bwinonso kuti ntchito zoterezi zizidya nthawi ya masamu ndi Chingerezi. Kholo lomwe likuti lidatumiza mwana kukaphunzira, osati kukagwira ganyu waulere, silikulakwa, makamaka poti nkhani za ana otumidwa kukapalira munda wa mphunzitsi m'dzina la ntchito zamanja si zachilendo m'dziko muno.

Kalabu yotsogozedwa ndi ana eni ake imakhala ndi mpata wokana zoterezi. Imasankha yokha komwe ikukagwira ntchito, tsiku lake ndi malire ake. Imatha kupempha kuti a komiti ya msika abwere ndi wilibala ndi mafosholo, ogulitsa atuluke nawo limodzi, ndiponso kuti pakhale madzi ndi sopo osamba m'manja pomaliza.

Palinso nkhani yomwe makalabu ambiri amaizemba. Pachisankho anyamata ndiwo amakonda kutenga mipando, ndipo ndiwo amawerenga ndakatulo alendo akabwera. Koma mu October ukayang'ana yemwe wasenza ndowa kuchokera kumjigo, ndi atsikana, omwenso akaweruka akukatunga madzi ndi kutola nkhuni kunyumba. Mtsikana yemwe amayenda mtunda kukafuna nkhuni amadziwa kuposa aliyense mtengo woyaka bwino, wofuka utsi ndi womwe watha m'deralo. Kalabu yomupatsa ndowa n'kumumana mpando ikutaya katswiri wake. Magulu a amayi a Mother Group, omwe ali pafupifupi pasukulu iliyonse ya pulayimale, ndiwo ali pabwino kuyang'ana ndandanda wothirira n'kufunsa kuti anyamata ali pati.

Sukulu zina zomwe zilibe madzi okwanira nazale zayamba kuyang'ana pansi pomwe zikuponda. Pamalo ambiri ooneka ngati tchire louma pali zitsa zamoyo za mitengo yachilengedwe monga mtondo, msuku ndi tsamba, zomwe zimaphuka chaka ndi chaka koma zimadulidwa kapena kupsa zisanakule. Njira yosamalira mphukira zoterezi idatchuka ku Niger kuyambira zaka za m'ma 1980, komwe alimi adabwezeretsa mitengo pamahekitala mamiliyoni osafesa njere. Pachitsa chilichonse amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo n'kuzidulira, kenaka kuteteza malowo ku moto ndi ziweto. Mizu yake idazika kalekale, kotero sipafunika ndowa ngakhale imodzi.

Ntchito imeneyi ilibe tsiku la magule, poti palibe dzenje loti mlendo aikemo mbande. Imafuna chikwanje chakuthwa, mlangizi wa zankhalango woti aonetse ana kadulidwe kake tsiku loyamba, chilolezo cha mfumu pamalopo, ndi tsamba lina m'kope lija lolembapo nambala ya zitsa. Nthawi yabwino yolambula m'mbali mwake ndi June, a Sitandade 8 atachoka kale, choncho dzina lolembedwa pamwamba pa tsambalo liyenera kukhala la mwana yemwe adzakhalepo mu September.